Kalabala ka Boma ndi Dzino la Amalume

Ntchito yanga ndi yogulira boma zinthu. Ndimagwira pa kiliniki ina yaing'ono kum'mwera kwa Lusaka, ndipo chilichonse chimene si mankhwala, kuyambira tsache ndi sopo mpaka mababu ndi mapepala, chimadutsa patebulo panga. Mankhwala ali ndi njira yakeyake, amabwera pa lole. Ine ndimaona zotsalazo. Ndimakhala ku Chilenje m'nyumba imene mayi anasiya, ndipo m'mawa ndimakwera maminibasi awiri kuti ndikafike ku ofesi yanga, kachipinda kamene kale ankasungiramo mabulangete.

Atatiuza kuti kugula konse kuziyenda pa kompyuta, ine ndinali mmodzi mwa amene anakondwa. Ndinali nditagwira zaka zambiri ndi mabuku a makaboni, olembamo pamanja aja, ndipo maso anga anali ataona zambiri. Ndinaonapo mipando itasainidwa kuti yafika, koma popanda munthu amene anaikhalirapo. Ndinaonapo makalata atatu a mitengo ochokera ku makampani atatu, onse olembedwa ndi dzanja limodzi. Munthu wamng'ono ngati ine unkangouzidwa kuti saina apa, ukafunsa unkasanduka wovuta. Choncho atatiphunzitsa masiku atatu mu holo ina m'tauni, n'kutiuza kuti tsopano chilichonse chizisiya mapazi, palibenso chogulidwa m'mbali, ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Loweruka lake ndinapita ku Libala kukauza amalume.

Amalume anga ndi mchimwene wa malemu mayi, ndipo ndi amene anandiphunzitsa sukulu bambo atamwalira. Anabwera ku Lusaka ali mnyamata kuchokera ku Katete, n'kuyendetsa magalimoto a boma mpaka kupuma. Ndi mkulu wa mpingo, munthu amene sapita ngakhale ku chigayo osavala jekete. Kuyambira tsiku limene ndinayamba ntchito, akamandionetsa kwa anthu sankanena kuti uyu ndi mwana wa mlongo wanga basi. Ankawonjezera kuti ndi amene amagulira boma zinthu. Ndinkachita manyazi, chifukwa zambiri zimene ndinkagula anali matsache, koma iwo ankanena ndi mtima wonse.

Nkhaniyi inayamba Lachiwiri lina mwezi wa June, kukuzizira. Pa kiliniki pathu panali chipinda cha mano, ndipo amene ankazula mano anali mtsikana wina wa ku Chelstone, wamanja opepuka, amene tonse tinkamutcha ba dokota. M'chipindamo muli makina ophikira zitsulo ndi nthunzi kuti tizilombo tife, chitsulo chisanalowe m'kamwa mwa munthu wina. M'mawa umenewo makinawo anayamba kulira ngati ketulo, nthunzi ikutuluka m'mbali mwa chitseko. Ba dokota anawazimitsa n'kuitana a sisita aakulu, oyang'anira kiliniki, ndipo iwo anaitana ine.

A sisita anaimbira foni mdala wina wa ku Kabwata amene kale ankakonza makina m'zipatala asanapume. Anafika masana ndi chikwama chake chachikopa chong'ambika zogwirira. Anatsegula chitseko cha makinawo, n'kusolola kalabala kozungulira, kakukula ngati mkombero wa mbale yodyera. Kanali katauma n'kung'ambika pamalo amodzi. Anati vuto ndi lomwelo basi, ndipo akudziwa sitolo ina m'tauni imene kalabala koteroko kali pa shelefu. Akanyamuka nthawi yomweyo, mawa m'mawa anthu azulidwa mano.

Ine ndi a sisita tinayang'anana. Kale tikanamutuma tsiku lomwelo. Koma tsopano panali kalata yochokera ku ofesi ya chigawo, itamatidwa pa khoma la ofesi yanga, yonena kuti palibe chogulidwa kunja kwa sisitemu ya pa kompyuta ija, ndipo makina a boma akonzedwe ndi kampani yolembetsedwa mu sisitemumo. Mdalayo sanali kampani. Anali munthu ndi chikwama chake.

Anamwino ena anati tingosonkha tokha tigule, nkhani ithe. A sisita anakana. Anatikumbutsa za mnzawo wa kiliniki ina amene anachita zomwezo ndi furiji ya katemera, ofufuza atabwera n'kupeza chitsulo chopanda mapepala, mnzawoyo analemba makalata odziteteza chaka chonse. A sisita athuwa anali atatsala pang'ono kupuma ntchito. Anatinso makina amenewa ndi a nthunzi yotentha, chitseko chikaphulika n'kuwotcha munthu, adzafunsa kuti analoleza ndani. Sindinawaone kulakwa. Ndinawauza kuti asadandaule, ndilowetsa pempho tsiku lomwelo, sabata imodzi kapena awiri kalabala kafika.

Sindinalowetse tsiku lomwelo chifukwa magetsi anazima. Chaka chimenecho magetsi ankabwera ngati mlendo, ndipo sola ya pa kiliniki inali ya furiji ndi chipinda cha amayi oyembekezera, osati ya ofesi yanga. Mawa lake magetsi analipo koma netiweki kunalibe. Tsiku lachitatu zonse zinakumana, ndinalowa. Sisitemu imafuna kuti usankhe chinthu pa mndandanda wake, ndipo pa mndandandawo panalibe kalabala ka chitseko cha makina. Ndinafufuza mpaka maso kuwawa, kenako ndinasankha gulu la zipangizo za m'chipatala. Inafunanso nambala ya makinawo. Ndinapita ndi tochi ya pa foni kukawerenga kachitsulo ka kumbuyo kwake, kofufutika ndi zaka, n'kulemba zimene ndinaona. Nditadina, pa sikirini panatuluka kabokosi kachikasu kolembedwa kuti pempho likudikira.

Linadikira masabata awiri, kenako linabwezedwa. Chifukwa chake chinali mzere umodzi: gulu ndi lolakwika, kalabala si chipangizo cha m'chipatala, ndi chokonzera. Ndinalowetsanso. Ulendo uno linafika kwa bwana wa ku ofesi ya chigawo amene amavomereza, koma iye anali ku msonkhano kunja kwa mzinda, ndipo pasiwedi yovomerezera ndi yake yekha. Atabwerako anapita ku maliro kwawo. Ndinaimba foni ku ofesiyo kangapo. Mayi amene ankayankha anali waulemu, ndipo nthawi zonse ankati akuliona pempho langa pa kompyuta yake, koma iye alibe mphamvu yolikhudza.

Nthawi yonseyi chipinda cha mano chinali chotsegula koma chosagwira ntchito. Kiliniki ina yapafupi inavomera kutiphikira zitsulo zotsukira mabala zokha, chifukwa makina awo ndi aang'ono ndipo anthu awo ndi ambiri. Ba dokota ankabwera tsiku lililonse, kuvala chovala chawo choyera, kuyang'ana m'kamwa mwa anthu ndi kamtengo ndi tochi, kuwapatsa mankhwala opha ululu ndi kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu. Anthu ankachokera kutali, ena ku Lilayi, atagwira tsaya kapena atamanga chitenje kumutu. Ndikamadutsa pa benchi yawo ndinkayenda mofulumira.

Pempho litavomerezedwa linaikidwa poyera kuti makampani apikisane. Lamulo limafuna makampani atatu. Anayankha awiri. Kanthu kake kanali kakang'ono kwambiri, makampani ambiri sanaone chifukwa chodzivutira. Masiku atatha, sisitemu inakana kupita patsogolo, n'kunena kuti tilengezenso.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene wogula zinthu saloledwa kuchita. Loweruka lina ndinapita ku Kabwata kukafuna mdala uja kuti ndimuthandize kulembetsa, akhale wachitatu. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba yake akukonza sitovu ya munthu wina. Ndinamufotokozera zofunika: pepala la bizinesi, pepala la msonkho losatha ntchito, akaunti ya ku banki ya dzina la bizinesiyo, ndi adiresi ya imelo. Anatulutsa foni yake ya mabatani n'kuiyang'ana. Komabe anavomera kuyesa. Anapita m'tauni katatu ndi fayilo yake yabuluu. Ulendo woyamba anamuuza kuti pepala la msonkho satenganso pa windo, amatenga pa intaneti. Ulendo wachiwiri munthu wa pa shopu ya makompyuta anamutsegulira imelo, koma pofika kunyumba anali ataiwala pasiwedi. Ulendo wachitatu anadutsa pa kiliniki, n'kuima pakhomo pa ofesi yanga osalowa.

"Ba madamu, nalema," anatero. "Ine niziba makina. Aya makina yanu nayaziba kuchokela pamene yanabwela. Koma ivi va kompyuta vanikanga. Funani chabe benangu."

Za kompyuta zinali zitamukanika. Ndinamuperekeza mpaka pa geti.

Amalume anabwera sabata yotsatira. Ndinawaona pa windo akutsika minibasi, atavala jekete ndi tayi, dzanja lili pa tsaya lamanzere. Sanandiuze kuti akubwera. Anakhala pa benchi ndi anthu ena mpaka nthawi yawo itakwana. Ba dokota atawayang'ana anati dzino la kumbuyo lawola mpaka pansi, lifunika kuchotsa, koma iwo sangalichotse. Anawapatsa mapiritsi ndi kalata. Kenako amalume anafunsa mlonda kumene kuli ofesi yanga.

Ndinawapatsa mpando wanga, ine n'kukhala pa katoni ya sopo. Tinapatsana moni wonse, wa ku Libala ndi wa ku Chilenje, ngakhale kuti kulankhula kunkawapweteka. Kenako anafunsa chimene chikusowa kuti dzino lawo lichoke. Ndinawaonetsa ndi manja kukula kwa kalabalako.

"Kameneko basi?"

"Kameneko basi, amalume."

"Nanga si iwe amene umagula?"

Ndinayamba kufotokoza za magulu, za bwana wovomereza, za makampani atatu. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, maso ali pa kompyuta. Kenako anati ndiwaonetse. Ndinatembenuza sikirini, n'kuwalozera kabokosi kachikasu.

"Apa palembedwa kuti tikudikira," ndinatero.

"Tikudikira yani, mayi? Ndiuze dzina lake ndi ofesi yake. Ine ndagwira m'boma zaka zonse zija, ndipita ndikamuone ndekha. Munthu akaona nkhope ya mnzake amamva."

Ndinawauza kuti palibe munthu woti akamuone. Bwana anavomereza kale, a sisita anasaina kale, ine ndinadina kale. Chimene chikudikiridwa ndi kampani yachitatu imene sitikuidziwa, ndipo mwina kulibe. Amalume anadzuka, n'kukonza jekete, n'kunena kuti ndigwire ntchito, asandichedwetse.

Ku chipatala chachikulu anapita kawiri. Ulendo woyamba anafika manambala a tsikulo atatha. Ulendo wachiwiri analawirira, anaonedwa, koma anawalembera tsiku la kutsogolo kwambiri, chifukwa anthu a makiliniki ambiri ankathamangira komweko. Ndinawapempha kuti ndiwatengere kwa dokotala wa mano wa payekha ku Woodlands. Anakana. Ndinatuma akazi awo kuti awanyengerere, anakananso. Anati iwo moyo wawo wonse sanalowepo m'chipatala cha munthu, ndipo sayamba lero pamene mwana wawo ali m'boma. Anati adikira kalabala kanga. Ndikuganiza kuti ankaona ngati kupita ku Woodlands ndi kundichititsa manyazi, ngati kuvomera pamaso pa anthu kuti ntchito yanga ndi yachabe. Ndinawauza kuti ine sindingamve choncho, koma amalume akanena anena.

Kuyambira pamenepo Lolemba lililonse m'mawa foni yanga inkalira ndili mu minibasi. Moni ukatha funso la amalume linali limodzi, ngati kalabala kafika. Ndinkayankha kuti posachedwa. Akazi awo ankandiuza kumbali kuti akuchukucha madzi amchere, akuika adyo pa dzinolo, ndipo asiya kudya nyama ndi chimanga chokazinga chimene amachikonda. Ululu ukachepa ndi mapiritsi ankati dzino lagona, ukabwerera ankakhala pakhonde osalankhula ndi munthu.

Titalengeza kachiwiri makampani atatu anapezeka. Inapambana kampani ina ya adiresi ya ku Kabulonga, imene sindinaimvepo. Tsiku limene anabweretsa katunduyo ndinathamanga ngati mwana. Anabwera bambo wina wovala suti, ndi kaphukusi m'manja ndi mapepala ambiri kuposa kaphukusiko. Tinalowa tonse m'chipinda cha mano, ine, a sisita ndi ba dokota. Ba dokota anang'amba pulasitiki n'kuyesa kalabalako pa chitseko. Kanali kakang'ono. Kankatsala pafupifupi zala ziwiri kuti kazungulire.

Bambo wa suti uja sanakwiye. Anatulutsa pepala n'kutionetsa kuti iwo abweretsa ndendende za nambala imene inalembedwa. Ndinatenga tochi n'kupitanso kumbuyo kwa makina. Ndinapukuta kachitsulo kaja ndi nsalu yonyowa, n'kuyang'anitsitsa. Pamene ine ndinawerenga kuti 3 panali 8 wofufutika mbali imodzi. Mdala wa ku Kabwata sakanafuna nambala, ankakadziwa ndi maso. Koma pempholo ndinalemba ndine, ndipo dzina langa linali pamenepo, ndi tsiku ndi ola limene ndinadina.

A sisita sanandikalipire. Anangotuluka. Ba dokota anabwezera kalabalako m'pulasitiki mosamala, n'kundipatsa osandiyang'ana. Ndinabwerera ku ofesi, ndinatseka chitseko, ndipo ndinalira pang'ono nditatsamira pa makatoni.

Ndinafunsa bambo uja ngati sangangosinthitsa ku sitolo, popeza kalabala koyenera kali m'tauni momwemo. Anati iye angakonde kutero, koma akabweretsa chosiyana ndi chimene chili mu sisitemu, mapepala ake sadzadutsa. Njira inali imodzi: komiti ikhale, ilembe kuti katundu wakanidwa, pempho lakale litsekedwe, kenako ndiyambe latsopano. Sisitemu silola mapempho awiri a chinthu chimodzi nthawi imodzi. Ndinalemba kalata yovomera kulakwa kwanga. Komiti inakhala patatha masabata awiri chifukwa mmodzi anali pa tchuthi. Lolemba lotsatira amalume ataimba ndinawauza zoona, kuti kanafika koma ndinalakwitsa nambala. Anati aliyense amalakwitsa, ndisadandaule. Mawu awo ankamveka ngati a munthu amene ali ndi chakudya m'kamwa.

Kutentha kwa October kutayamba, Lamlungu lina m'mawa akazi awo anandiimbira. Anati amalume sanapite ku tchalitchi, ndibwere. Amalume kujomba ku tchalitchi ndi chinthu chimene sindinachionepo. Ndinasiya madzi pa mbaula n'kuthamanga. Ndinawapeza atakhala pa bedi atavala kale malaya oyera, jekete ili pambali. Tsaya lamanzere linali litatupa mpaka diso kutsekeka, kutupako kutatsikira m'khosi. Kamwa silinkatseguka kupitirira polowa chala. Thupi linali lotentha. Akazi awo anati zinayamba Lachinayi, koma anawaletsa kundiuza.

Tinapeza takisi ya mwana wa oyandikana nawo nyumba. Pa msewu wonse amalume anagwira dzanja langa, chinthu chimene sanachitepo chiyambire ndili mwana. Ku chipatala chachikulu ulendo uno sanatidikiritse. Namwino atangowaona anawalowetsa, ndipo dokotala wachinyamata amene anawayeza anatifunsa mokalipa chifukwa chake tinakhala ndi munthu mpaka kufika pamenepa. Anati mafinya akanatsika pang'ono akanatseka njira ya mpweya. Anafunsa ngati kwathu kulibe kiliniki. Akazi a amalume anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

Anawang'amba pansi pa chibwano kuti mafinya atuluke, n'kuwaika pa diripi. Dzinolo analichotsa patapita masiku, kutupa kutachepa, pamodzi ndi lina loyandikana nalo limene linali litagwidwanso. Anagona m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Ndinkapita masana alionse pa nthawi yoona odwala, ndi phala m'fulasiki, chifukwa china sankatha kumeza. Ndinkachoka ku ntchito, kukwera minibasi mpaka m'tauni, kukhala nawo theka la ola, n'kubwerera kukayang'ana ngati pempho latsopano lasuntha.

Tsiku lina bambo wa pa bedi loyandikana, wothyoka nsagwada pa ngozi ya njinga yamoto, analoza ine n'kufunsa amalume kuti ndine ndani. Amalume anali atayamba kulankhula pang'ono. Anati, "Mwana wa mlongo wanga." Ndinadikira mawu otsatira aja, koma anatembenuka n'kupempha madzi. Sindikudziwa ngati anasiya chifukwa kamwa linkawawa kapena chifukwa china. Sindinawafunse, ndipo mpaka lero sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi pa nkhaniyi.

Kalabala koyenera kanafika mvula itayamba. Kampani ina ndi imene inapambana ulendo uno, ndipo inatuma mmisiri wake. Anachotsa pulasitiki, anakankhira kalabalako m'malo mwake ndi zala, anatseka chitseko n'kuyatsa makina. Ndinali ndisanamalize kudzaza fomu yake pamene iye ankasamba m'manja. Makinawo anatentha mwakachetechete, osatulutsa nthunzi. Ndinapita ku ofesi kukadina kuti katundu walandiridwa, ndipo kabokosi kaja kanasanduka kobiriwira.

Koma ba dokota kunalibe. Masabata atatu m'mbuyo mwake inabwera kalata yowasamutsira ku kiliniki ina kumpoto kwa mzinda. Ku ofesi ya chigawo anaona m'malipoti kuti kwa miyezi yambiri pa kiliniki pathu sipanazulidwe dzino ngakhale limodzi, ndiye anati munthuyo akungokhala, apite kumene kuli ntchito. Ba dokota nawonso sanakane. Anandiuza potsanzikana kuti manja awo anayamba kuiwala. A sisita analemba kalata yopempha wina, koma za anthu ogwira ntchito zimayenda mu sisitemu ina imene ine sindiloledwa kulowamo. Iwo anapuma ntchito yankho lisanabwere, ndipo amene analowa m'malo mwawo alembanso.

Makinawo akugwira ntchito. Timaphikiramo zitsulo zotsukira mabala kawiri pa sabata. Mpando wozulira mano tinauphimba ndi nsalu kuti usachite fumbi. Anthu ogwira tsaya amabwerabe, ndipo mlonda anaphunzira kuwazindikira ali patali, amawabweza pa geti asanavutike kukhala pa mzere.

Kumayambiriro kwa chaka anatiitana ku msonkhano wa ogula zinthu a m'chigawo chonse. Anaonetsa pa khoma mndandanda wa makiliniki, ndipo yathu inali m'gulu la amene anachita bwino, chifukwa chilichonse chimene tinagula chinali ndi mapepala okwanira, palibe chinadutsa kumbali. Ananditchula kuti ndiimirire, anthu anawomba m'manja. Nthawi ya mafunso ndinakweza dzanja. Ndinafunsa ngati sipangakhale njira yachidule ya tinthu ting'onoting'ono timene tikasowa chipinda chonse chimaima. Bambo amene ankatsogolera anati funsolo ndi labwino kwambiri, ndipo njira yoteroyo ilipo m'malamulo, koma mbali imeneyo ya sisitemu sinatsegulidwe ku makiliniki aang'ono. Anati alemba. Mayi wina wa kiliniki ina amene anakhala pafupi nane anandinong'oneza kuti kwawo ndi batire ya ambulansi, mwezi wachinayi tsopano. Kenako anatigawira masikono ndi zakumwa.

Sindinganene kuti ndikufuna mabuku a makaboni abwerere. Ndimakumbukira bwino mipando ija. Masiku ano chimene ndadina chimafikadi, ndipo palibe bwana amene amaima kumbuyo kwanga kundiuza posaina. Koma kale chinthu chikakanika ndinkadziwa khomo loti ndikagogode, ngakhale mwini khomoyo akhale wakuba. Lero ndikafunsa aliyense amandiyankha mwaulemu kuti mbali yake anachita, ndipo amanena zoona.

Ku Libala ndimapitabe Loweruka lililonse lachiwiri. Amalume anachira, koma anatsala ndi chipsera pansi pa chibwano ndipo amatafunira mbali imodzi. Anaonda, jekete ija ikuwakulira m'mapewa. Timakhala pakhonde n'kukamba za mvula, za ndiwo za m'dimba lawo la kuseri, za amene wamwalira ku mpingo. Akazi awo amandipatsa chibwabwa, masamba a maungu, kuti ndikaphike kunyumba.

Sabata yatha mpopi wa ku chimbudzi cha amayi oyembekezera unathyoka pakhosi. Madzi ankathamanga mpaka m'khonde, ndiye tinatseka paipi yonse ya mbali imeneyo. A sisita atsopano aika mgolo pakhomo ndi chitini chotungira, ndipo amayi oyeretsa amaudzaza m'mawa ndi masana kuchokera ku mpopi wa panja. Pempho ndinalowetsa Lachitatu. Ndisanalembe kukula kwa mpopiwo ndinapita kukauyeza katatu, kenako ndinaitana mlonda kuti nayenso ayeze.